Mlonda wa Munda wa Eni

Pamene ndinafika kuno kwa Chulu
ndinali ndi njinga yopanda buleki, khasu limodzi,
ndi bulangete lonunkha chigafa cha ku esiteti.
Alamu anga a Layitoni anandiyendetsa m'malire
dzuwa lili paliwombo:
kuyambira pa nkhadze iyi, kukafika pa muwanga uwo,
kutsetsereka mpaka pamene dambo layambira kunyowa.
"Uwu ndi wa mlongo wathu. Inu muzilima."
Ndinamva. Sindinafunse kawiri.

Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano.
Zitsa ndinazula ndine.
China chinanditengera chikhadabo cha chala chachikulu
ndipo chili momwemo m'nthakamu, sichinamere.
Mango awo ndinabzala Sigele ali pamsana.
Ndikudziwa pamene madzi amaima mu Januwale,
pamene kaufiti amabwerera ngakhale umuzule ndi ukali,
pamene mtedza umabereka ngati wapenga.
Komabe pamaliro, akamagawa ntchito,
amati, "Akamwini, nkhuni."

Lachiwiri kunabwera anyamata awiri pa njinga yamoto,
atanyamula kamakina koyezera malo.
Anayenda momwe ndinayenda ine kale lija,
kamakina kakulira ngati mwanapiye.
Wamtaliyo anandiyang'ana, poti ndine ndinali ndi khasu:
"Bambo, dzina lanu?"
Pakamwa panga panatseguka.
Ndikuvomera, panatseguka.
Felesiya anapukuta manja pachitenje,
osandiyang'ana, osakweza mawu:
"Lembani Sigele. Ine ndinalandira kwa mayi,
mayi kwa mayi awo. Lembani mwanayo."
Cholembera chinayenda.
Ine ndinawerama kuchotsa chisoso pa buluku.

Usiku uno ndili pansanja.
Chimanga chakhwima, ndipo a m'nkhalango akudziwa.
Waya wa mpanda uja ena anadula, akuti wa misampha.
Ndili ndi chidebe chobooka, mtengo wochimenyera,
tochi ya mabatire otopa,
ndowe ndi tsabola zikufuka pa phale
mpaka maso anga omwe akulira.
Chaka chatha zinapeza Gwaza ali m'tulo pa msasa wake.
Tinamutola m'mawa.
Nayenso anali wobwera, wa ku Ntchisi.
Abale ake anadzatenga mtembo pa lole,
munda unatsala, ukulimidwabe.

Kwathu ku Dowa kulinso munda wa mayi anga.
Akulima ndi mwamuna wa mlongo wanga,
munthu wa ku Mchinji, wachete, wamsana wopindika.
Tsiku lomwe anafika ndine ndinamuyendetsa m'malire.
Mawu aja ndinawanena ndi pakamwa pomwepa,
ndipo anandikomera.

Ndiye ndidandaule kwa yani?
Ndinaona ku esiteti mmene malo amathera
akalembedwa dzina la bambo wa ngongole:
chala pa inki, matumba asanu a feteleza,
chaka chamawa mpanda, ndi mlonda wa chibonga.
Mwina Felesiya anaona zomwezo m'maso mwanga
chaka chija fodya anagwa mtengo
ine nkumayenda ndikuwerenga maekala mumtima.
Sananene. Amadziwa kusunga mawu ngati mbewu padenga.

Tamverani.
Nthambi yathyoka cha kumuwanga.
Agalu a kwa Layitoni akhala chete, ndiye kuti ndi zomwezo.
Fungo lafika, la udzu wonyowa ndi matope akale.
Mimba zawo zikugunda pansipansi ngati mvula ya kutali.
Izi sizinaone pepala la Lachiwiri.
Zinkadutsa pano muwanga usanamere.

Miyendo ikuti thawa, si wako.
Koma kuseri kwa mapesiwa kuli nyumba ya malata asanu ndi atatu,
muli Sigele, miyezi isanu ndi iwiri ya pakati,
ndi mnyamata wake wa ku Santhe
amene sanaphunzirebe kugona ndi khutu limodzi.
Mawa ndidzamuonetsa pomangira nsanja yachiwiri.

Ndayatsa tochi. Yafiira, yazima.
Ndagwira chidebe.
Ndikumenya.